Apongozi a Mumtengo wa Bwemba

Mukadzafika kutchalitchi kwathu kumunsi kwa Mua tsiku Lamulungu, musadzavutike kundifunafuna kutsogolo kumene kumakhala akuluakulu. Mudzayang'ane benchi yachiwiri kuchokera kumbuyo, pamene pamakhala obwera mochedwa ndi amayi a ana olira. Mudzandipeza pamenepo. Kwa zaka khumi ndi chimodzi ndinali tcheyamani wa mphakati wathu. Pamaliro ndinkapatsidwa mpando wotsamira, paukwati ndinkadyera m'nyumba, ndipo ngakhale anthu a mipingo ina ankanditchula kuti "atcheya". Mpando umenewo ndinkaukonda, sindibisa. Unandichoka m'chisanu chathachi, ndipo nkhani yake inayamba ndi timbalame tosakwanira ndiwo ya mwana mmodzi.

Ndivomere kaye kuti ndine munthu wokayikira. Si chibadwa ayi, inandiphunzitsa ndi ntchito. Ndinaphunzitsa ana a pulayimale zaka makumi atatu, ndipo mwana akandiuza kuti kope lake ladyedwa ndi mbuzi, ine ndinkafuna kuiona mbuziyo. Mayi akunyumba, a Nachisale, amati ndikanakhala nkhuku bwenzi ndikulifunsa dzira langa lomwe kuti lachokera kuti. (Ine ndimati kukayikira n'kumene kwandisunga mpaka lero. Iwo amati n'kumene kwandiondetsa.)

Nditapuma pantchito, m'mawa unayamba kunditalikira. Thupi linazolowera kulawira, koma kopita kunalibe. Tsiku lina mu Julayi, mwera ukuomba mosanyengerera, ndinazungulira kuseri kwa nyumba kumene kuli mtengo wa bwemba. Osaka mbewa anali atatentha tchire lonse, mpunga anthu anali atakolola kale, kuthengo kulibe ndi kambewu komwe. Panthambi panali timpheta tisanu titadzitukumula nthenga, tili ndwii ndi mphepo. Ndinatimvera chisoni. Ndinalowa m'nyumba, n'kutapa misere pang'ono mundowa ya a Nachisale, n'kukamwaza pansi pa mtengo. Mawa lake tinabwera khumi. Sabata isanathe kunafika njiwa, atimba ndi apumbwa, ndipo ine ndinakhala ngati ndapatsidwanso kalasi.

Koma zimenezi sizinali zoti munthu n'kumachita poyera. Kwathu kuno mpheta ndi mdani. Mpunga ukayamba kucha ku Bwanje, anthu amakhala m'minda kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, kuimba zitini, kuponya miyala, kukuwa mpaka mawu kusasa. Anansi athu a Gelevazio, amene analinso wachiwiri wanga kumphakati, chaka chilichonse amatha mwezi wathunthu akulankhula monong'ona chifukwa cha mpheta. Munthu ameneyo akanamva kuti atcheya akunenepetsa adani ake, nkhani ikanafika kulikonse. Komanso ine ndinali nditaona kale mmene a Gelevazio ankauyang'anira mpando wanga. Ndikapita ku Dedza tsiku limodzi lokha, pobwera ndinkawapeza atazolowera kale kutsekulira misonkhano. Chifukwa china chobisira chinali chakuti misereyo inali ya phala la a Nachisale, ndipo sindinapemphe.

Choncho ndinkapita kumtengoko m'mawa anthu asanadzuke, mwakachetechete, misere ili m'thumba la jekete.

Vuto linabwera ndi nkhuku, mbuzi ndi mphepo. Nkhuku zinkalanda, mbuzi zinkanyambita, zotsala mwera unkaulutsa. Ndiye ndinaganiza monga mphunzitsi. Ndinazika timitengo tinayi patsinde pa bwemba, n'kuyala kathandala ka bango pamwamba. Ndinaikapo mapale awiri a mtsuko wosweka, lina la misere, lina la madzi. Poopa kabawi ndinafolera kadenga ka udzu, n'kuzunguliza kampanda ka mapesi, n'kusiya kakhomo kamodzi. Pansi ndinasesa bwinobwino. Nditaima patali ndinadziyamikira ndekha. (Amene munakulira kumudzi mwaona kale chimene ndinamanga. Ine sindinachione. Ndinangoona luso langa.)

Mphunzitsi sangakhale ndi kalasi yopanda mayina, ndiye ndinayamba kuzitcha mbalamezo malinga ndi khalidwe lake. Mayina a anthu amoyo ndinawapewa dala poopa milandu, ndinangotenga a anthu amene anatsogola kale. Timba wina wamng'ono koma wokonda ndewu ndinamutcha Amalume. Njiwa ina yotsimphina inali Agogo. Koma panali pumbwa mmodzi amene ankafika woyamba, n'kutera panthambi, n'kundifulatira, n'kuyamba kulongolola osapuma. Ndikachedwa, kulongolola. Misere ikachepa, kulongolola. Ikachuluka, kulongololanso. Ameneyo dzina linabwera lokha. Ndinamutcha Apongozi.

Mundimvetse. Ine pamudzi pano ndine mkamwini, ndipo amayi a a Nachisale, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo, ndinakhala nawo pabwalo limodzi zaka zambiri. Mwambo ankausunga kwambiri. Sankandiyang'ana kumaso, sankandilankhula mwachindunji, tikakumana panjira wina ankapatuka. Koma zimenezo sizinawaletse kundiuza zonse zimene ankaganiza. Ankakhala pamkeka pansi pa bwemba yemweyo atandifulatira, n'kumauza nkhuku.

"Nkhuku zinazi zimangodziwa kuvala taye. Khasu likaoneka, mutu wayamba kupweteka."

Nkhuku za pamudzi pano zinamva zambiri za ine. Ndinapirira, koma mumtima sindinawakonde, ndipo a Nachisale ankadziwa. Ndiye mutha kuona mmene zinkandikomera m'mawa uliwonse kugogoda phale ndi kamtengo n'kunena mokweza pang'ono kuti, "Apongozi, tsikani mudye, kukuzizira. Amalume, musalande za anzanu. Agogo, senderani kuno." Ndipo pumbwayo ankatsikadi. Patapita milungu iwiri anayamba kutera ngakhale padzanja langa.

Kenaka zinthu zinayamba kusintha, ndipo mphuno yanga ya uphunzitsi inanunkhiza msanga. Amayi opita kumjigo, amene kale ankadutsa njira yachidule ya kuseri kwathu, anayamba kuzungulira kumsewu. Ndikafika pagulu, nkhani inkaduka. Tsiku lina a Gelevazio anandiimitsa pampanda.

"Mwadzuka bwanji atcheya? Mukumalawiratu masiku ano."

"Ndi mphepo ya m'mawa, a Gelevazio. Imathandiza chifuwa."

"Kodi eti? Ya pansi pa bwemba ndiye yothandiza kwambiri?"

Ndinaseka, iwonso anaseka, koma mano okha. Galu wamkota sakandira pachabe. Ndinadziwa kuti munthuyu wazitulukira mbalame zanga ndipo akukonza china chake.

China chakecho sichinachedwe. M'mawa wina ndinapeza m'phale la misere muli ufa woyera, wounjikidwa bwino ngati kachulu. Ine sindinaikemo ufa. Ndinaima nthawi yaitali ndikuuyang'ana. Ndani angapereke ufa wake kwa mpheta m'dera la mpunga? Yankho linali limodzi: muli mankhwala a makoswe. Ndinauthira m'pepala n'kuubisa kudenga la chimbudzi monga umboni, phalelo n'kulitsuka katatu.

Patapita masiku awiri ndinapeza kanthu kokulunga m'tsamba, komanga bwino ndi luzi. Mkati munali fumbi lofiirira. Ndinalinunkhiza pang'ono kuti ndimve mtundu wake. Ndinayetsemula kakhumi ndi kamodzi, misozi ili chuchuchu, mbalame zonse n'kuthawa. Ndinati ngati chinthu chikutere ndi munthu wamkulu, nanga timba? Nachonso chinapita kudenga la chimbudzi.

Apa ndinaganiza zotchera msampha. Madzulo ndinasesa pakhomo pa kanyumbako n'kuwaza phulusa. M'mawa ndinapeza phazi. Linali la patapata wamkulu wachimuna, wodyeka kuchidendene cha kumanzere. Ndinathyola kamtengo n'kuyeza kutalika kwake, kenaka n'kuyerekeza ndi phazi langa. Zinafanana ndendende. Ndiye kuti mdani wanga anali mwamuna wa msinkhu wanga, ndipo pamudzi pano wa msinkhu wanga ndi a Gelevazio. Sabata imeneyo kunali maliro kumudzi woyandikana nawo, ndipo ine, tcheyamani wathunthu, ndinapezeka nditawerama pakhomo la siwa ndikuyeza nsapato za anthu ndi kamtengo. Wina atandifunsa, ndinati ndataya kiyi.

Ngakhale kunyumba zinthu sizinali bwino, ndikutanthauza kuti zinali bwino mopitirira. A Nachisale anayamba kunditenthetsera madzi osamba ndisanapemphe. Lachiwiri lina anandikazingira mazira awiri popanda mlendo, popanda chikondwerero. Akamadutsa kumbuyo kwanga ankandigwira paphewa. Ndowa ya misere, imene ndinkaopa kuti aona kuti ikutsika, ndinaipeza atayidzaza, n'kuiika poti ndisavutike kufikira. Tinakwatirana kalekale, ndipo mkazi wanga ndimamudziwa. Chikondi chake ndi cha zochita, koma mazira a pakati pa sabata sanalimo. Ndinayamba kuganiza kuti mwina pali chimene anathyola, kapena pali m'bale wake amene akubwera kudzakhala miyezi itatu.

"Amayi a Tereza," ndinawafunsa tsiku lina, "simunaoneko munthu akuzungulira kuseriku?"

Anandiyang'ana ndi maso ofewa amene sindinawaone chibadwire mwana wathu woyamba.

"Abambo a Tereza, zinthu zina sitifunsana. Aliyense amangochita mbali yake."

Yankho limenelo linandisowetsa mtendere tsiku lonse. Ndinafika poganiza kuti a Gelevazio awanyengerera.

Tsiku la tsoka linali Lachinayi, tsiku la msonkhano wa mphakati. M'mawa ndinapeza pakathandala pali kachikho kodzaza ndi chinthu cholimba ngati phala, chotuwa, chochita thovu. Chimfine cha mwera chinali chitanditseka mphuno, moti fungo sindinalimve. Nthawi yomweyo tambala wa a Gelevazio, amene ankakonda kudzacheza ndi nkhuku zathu osaitanidwa, anatulukira pampanda. Ndinakumbukira kuti choipa chitsata mwini. Ndinathira theka la kachikhoko m'chigoba n'kumuikira pansi. (Ndikudziwa. Musandiuze. Ndinakaulula kale kwa abambo mfumu.)

Tambala anadya mosangalala mpaka kugogoda chigoba. Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenaka anatambasula phiko limodzi, n'kuyamba kuyenda cham'mbali. Analira kulira kosamaliza, n'kuthamangitsa mthunzi wake, n'kugunda tsinde la bwemba, n'kugwa chagada miyendo m'mwamba. Umboni unakwana. Ndinamunyamula n'kumuika m'thumba la feteleza, n'kukatsitsa mapepala anga kudenga la chimbudzi.

Msonkhano unali pabwalo la mayi wina wamasiye, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse. Panalinso akatekisiti, amene kawirikawiri safika kumphakati popanda chifukwa. Ine ndinati Mulungu wandithandiza, mboni zachuluka. Titatha pemphero sindinadikire mawu a tsikulo. Ndinaimirira, n'kukonza jekete.

"Akatekisiti ndi abale nonse, pakati pathu pano pali munthu wa mtima wa njiru, amene wakhala akulowa kuseri kwa nyumba yanga ndi poizoni. Dzina sinditchula. Ndingoti ali ndi munda ku Bwanje, ndipo akufuna mpando uno."

Anthu onse anatembenukira kwa a Gelevazio, amene anangopinda manja. Ine ndinayala umboni wanga pamkeka: pepala la ufa, tsamba la fumbi lija, kachikho, ndi kamtengo koyezera phazi. Pomaliza ndinakweza thumba.

"Ndipo amene akukayika aone chimene poizoniyo wachita ndi tambala wa mwini wake yemwe."

Ndinakhuthula thumbalo. Tambala anagwa pamkeka, n'kutsegula diso limodzi, n'kudzuka. Anadzikung'untha, analira kamodzi ndi mawu osasa, n'kuyamba ulendo wa kwawo akudzandira pang'ono.

Akatekisiti anatola kachikho n'kununkhiza.

"Atcheya, awa ndi masese."

Gogo wina amene anakhala pafupi anatambasula dzanja, n'kutsina fumbi lija, n'kulikokera m'mphuno bwinobwino, osayetsemula ndi kamodzi komwe.

"Fodya wabwino uyu," anatero. "Wa ku Golomoti."

A Gelevazio anaimirira pang'onopang'ono, ngati munthu amene mpunga wake wacha wopanda mbalame.

"Akatekisiti, ife timada nkhawa kuti nkhaniyi tiyiyamba bwanji, popeza ndi ya akuluakulu. Koma atcheya atipeputsira ntchito. Ufa ndi uwu, fodya ndi uyu, mowa ndi uwo. Kanyumba kofolera kali patsinde pa mtengo, mapale awiri ali momwemo. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma kachisi ndimamudziwa. Funso la mphakati ndi lakuti, kodi munthu angatitsogolere pemphero Lachinayi, m'mawa mwake n'kukathira nsembe kwa mizimu?"

Ndinayang'ana zinthu zija mmene ndinaziyalira ndi manja anga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona chimene mudzi wonse unakhala ukuona kwa mwezi wathunthu.

"Si kachisi ameneyo," ndinatero. "Ndi modyera mbalame. Ndimadyetsa mpheta."

Kuseka kumene kunabuka sindidzakuiwala. Mayi wina anachita kugwira m'mimba. A Gelevazio okha ndiwo sanaseke.

"Mpheta? Zomwe zija? Akatekisiti, ngati zimenezi zili zoona, bola mizimu. Koma si zoona. Palibe munthu wa mutu wake angadyetse mpheta kuno. Ndipo ine ndinamva ndi makutu angawa. Amagogoda phale, n'kumaitana anthu amene tinawaika m'manda tokha. Amalume awo. Agogo awo. Koma woyamba tsiku lililonse ndi apongozi awo. Amati, 'Apongozi, tsikani mudye, kukuzizira.' Ndikunama, atcheya?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma kumbali ya amayi wina anali ataimirira kale. Anali a Nachisale. Anakonza chitenje, ndipo m'pamene maso anga anagwera kumapazi awo. Anavala patapata wanga wakale, amene ndinamutaya chaka chatha chifukwa chodyeka kuchidendene cha kumanzere.

"Musawaweruze okha," anatero. "Ufa, fodya ndi mowa ndinkaika ndine. Iwo sankadziwa."

Kenaka anatembenukira kwa anthu onse.

"Nonse mukudziwa kuti amayi anga ndi bambo awa sankamwerana madzi. Amayi anapita asanagwirizane, ndipo chinthu chimenecho chakhala chikundidya. Chisanu chino chitayamba ndinkawalota kawirikawiri, ali pansi pa bwemba paja, akunjenjemera, alibe chofunda. Sindinauze munthu. Ndiye m'mawa wina ndikupita kukataya phulusa, ndinamva mwamuna wanga, amene chikwatiranire sanawatchulepo amayi ndi mawu okoma, akuti, 'Apongozi, tsikani mudye, kukuzizira.' Ndinabwerera m'nyumba n'kukalira. Ndinati ngati munthu wouma mtima chonchi wawamangira kanyumba, ine mwana wawo ndingalephere kuwapatsa fodya wawo? Ndikudziwa kuti mpingo sulola. Koma chiyambire tsiku limenelo sindinawalotenso akuzizidwa."

Palibe amene anasekanso. Gogo wa fodya uja ankapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Akatekisiti ndi munthu wachilungamo, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna kundipulumutsa.

"Atcheya, pano pali nkhani ziwiri, ndipo yoona ndi imodzi. Ngati ndi mbalame, kwanu si kutali. Tinyamuke tonse, mukagogode phale lanulo, tikaone chimene chitsike. Zikakhala choncho mpando ndi wanu, a Gelevazio apepesa. Tiuzeni, pamene munkati apongozi, munkalankhula ndi ndani?"

Njira inali yotseguka. Ndinkadziwa kuti pumbwa uja ndikangogogoda atsika, atera padzanja langa, alongolola pamaso pa onse. Mpando ukanabwerera, a Gelevazio akanachita manyazi, ndipo ine ndikanapambana mlandu, chinthu chimene ndimachikonda kuposa nyama. Koma kuti zitero ndinayenera kunena, mkazi wanga ali chiimire pakati pa anthu, kuti dzina la amayi ake ndinalipereka kwa kambalame kolongolola pofuna kuwaseka, ndi kuti mazira aja ndinadya aulere. Ndinawayang'ana a Nachisale. Ankandiyang'ana ndi maso ofewa aja.

"Ndinkalankhula ndi apongozi anga," ndinatero.

A Gelevazio anapumira m'mwamba. Akatekisiti anagwedeza mutu mwachisoni. Zotsatira zake sizinatenge nthawi: kanyumba kaphwasulidwe tsiku lomwelo, ine ndi a Nachisale tikaonane ndi abambo mfumu, ndipo mpando ugwiridwe ndi wachiwiri kufikira mphakati udzaganize bwino. Mphakatiwo mpaka lero ukuganizabe. Pemphero lotsekera anatsogolera a Gelevazio, ndipo ndikuuzeni mopanda kaduka kuti linali lalitali kwambiri.

Zinandipweteka. Sabata yoyamba ndinkadzuka n'kuvala jekete, kenaka n'kukumbukira kuti palibe amene akundidikira. Pamaliro otsatira ndinakhala pa njerwa. Mbalame zokha ndi zimene sizinamve za chigamulocho. Zinkabwerabe m'mawa uliwonse, ndipo ine ndinkangomwaza misere pamwala, poyera, wopanda denga, wopanda mpanda, pakamwa nditatseka. (Anthu akandiona amati ndikubisa manyazi ponamizira mbalame. Choonadi chenicheni ndi chimene palibe akuchikhulupirira.)

M'mawa wina chakumapeto kwa Ogasiti, mphepo itayamba kufooka, pumbwa uja anatera panthambi yake, n'kundifulatira, n'kuyamba zake zija. Ndinangomuyang'ana. Kumbuyo kwanga ndinamva patapata.

"Simuwayankha apongozi anu lero?"

Misere inanditayika m'manja. A Nachisale anaima ndi lichero, maso ali panthambi.

"Mwadziwa liti?" ndinafunsa.

"Tsiku la msonkhano lomwe lija. Akatekisiti atakufunsani, nkhope yanu inali ngati ya mwana amene wameza ndalama yachitsulo. M'mawa mwake ndinabwera kudzaona ndekha." Anamvetsera pumbwayo kwa kanthawi. "Pakamwa pokha ndi pa amayi ndithu. Ngakhale kufulatirako."

"Nanga bwanji simunanene? Mpando ukanabwerera."

"Inu bwanji simunanene?"

A Nachisale anatapa misere m'lichero, yambiri kuposa imene ine ndinkaba, n'kumwaza pamwala.

"Munawanyoza amayi anga mwezi wathunthu," anatero, "kenaka munawagulira ulemu ndi mpando wanu. Ndawerengera, ndapeza kuti zakwanirana. Koma mazira aiwaleni."

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinasiya kukayikira anthu. Ndinayesa, masiku anayi. Koma pali njiwa ina yaimuna, yodzitukumula pachifuwa, imene yayamba kubwera posachedwapa. Siidya msanga. Imayamba yazungulira mwala katatu, kuyang'ana misere ndi diso lakumanja, kenaka lakumanzere, kuyang'ananso anzake ngati alipo amene wathiramo kanthu, ndipo ikamati iyambe kudya imapeza mpheta zamaliza. Dzulo ndili kuseri kwa nkhokwe ndinamva a Nachisale akugogoda lichero n'kunena motsitsa mawu kuti, "Atcheya, idyani, palibe akukufunani." Nditawafunsa anati amalankhula ndi nkhuku. Amayi awonso ankatero.